Magazi Amene Sanaiwale Mlendo

Cha ku Milonde kuno palibe amene sawadziwa a Edna, mayi wamfupi, wamakani, amene anathyola tiyi ku esiteti mpaka zala kuchita kukakala. Mwana wamoyo anabereka mmodzi yekha, Trust, woyamba. Atatu otsatira anabadwa bwinobwino n'kulira ngati ana onse, koma pofika mawa lake maso ndi khungu zinali chikasu ngati papaya wakupsa, ndipo sanathe sabata. Paja khanda lobadwa kumene timati mlendo. Alendo a Edna ankangofika pakhomo n'kubwerera.

Anthu nawo, pakamwa! Anati ndi tsempho, amuna awo a Lackson ankayendayenda mkazi ali ndi pakati. Bamboyo analumbira mpaka kugwetsa misozi pamaso pa ankhoswe, koma mkamwini amveka ndani? Anamanga katundu n'kuwolokera ku Mozambique, komwe anakafera. A Edna sanawaletse. Nawonso ankakhulupirira zomwezo.

Mng'ono wawo atamwalira, a Edna analera mwana wake wamkazi, Rosie. Mtsikanayo atakwatiwa n'kutenga pakati poyamba, anabwera kuchokera kusikelo akuvina.

"Amayi, andiyeza magazi. Akuti ndili negetivi!"

Nthungululu pomwepo. Ndani sasangalala ndi mawu amenewo masiku ano? Osadziwa kuti ma negetivi anamuuza awiri, iye anangotola mmodzi, wa kachilombo uja.

Rosie anachira bwino kuchipatala, mwana wamkazi wonenepa, a Edna ali pambali kumudikirira. Kutacha a Edna anayamba kulongedza nsalu m'beseni. Namwino wina, a Christobel, anawaimitsa. Anati asachoke, pali jakisoni amene akumuyembekezera, ndipo Rosie ayenera kubayidwa masiku atatu asanathe.

"Jakisoni wa chiyaninso?" anatero Rosie. "Mwana ali bwino, ine ndili bwino. Ndikupita."

"Si wa mwana uyu ayi. Ndi wa amene adzapondane naye."

A Edna anaseka. "Aa! Anesi, mwayamba kubayira ana amene sanabwere n'komwe?"

A Christobel anakhala pansi n'kuwafotokozera mofatsa. Magazi a anthu ambiri ali ndi kachizindikiro kena. Magazi a Rosie alibe, ndiye negetivi winayo. Khandali latengera kachizindikiroko kwa bambo ake, ndipo pobadwa timadontho ta magazi ake talowa mwa mayi. Asilikali a m'thupi akaona chinthu chimene si chapakhomo, amachiyang'anitsitsa, n'kusula zida zolasa icho chokha, ndipo saiwala. Mwana woyamba amapulumuka poti amakhala atatuluka kale. Wachiwiri amawapeza ali tcheru. Zida zija zimawolokera kwa iye ali m'mimba n'kuphwanya magazi ake, ndipo magazi ophwanyikawo ndiwo amam'chititsa chikasu. Jakisoniyo amasesa timadontho tija asilikali asanatizindikire.

Beseni linagwa pansi, mbwee nsalu zonse.

"Mwati chikasu?" anatero a Edna. "Mwati woyamba amapulumuka?"

Anatambasula mkono. "Ndiyezeni."

Anawayeza. Nawonso analibe kachizindikiro kaja. A Edna anafotokoza za atatu aja, mmodzimmodzi, ndi mayina amene anali atawakonzera. Kenako anafunsa chapansipansi, "Nanga bambo wake wa ana akakhala woyendayenda?"

"Izi sizikhudzana ndi zimenezo, mayi. Palibe analakwa. Thupi lanu linkakutetezani, basi."

A Edna anayang'ana mitsempha ya pamkono pawo ngati akuiona koyamba.

"Tsono magazi angawa akumudziwabe Trust? Munthu wandevu, ali ku Joni, foni yomwe saimba?"

"Mpaka lero akumudziwa."

Abale inu! Iwo amene amaiwala pamene aika machesi, m'kati mwawo muli chinthu chopanda maso, chopanda makutu, chimene chinaona kadontho ka mwana kamodzi kokha n'kukasunga zaka zonsezi! Pamene iwo ankathyola tiyi m'mvula, pamene ankagona, alonda amenewa anali maso, okhulupirika koopsa, akulondera nyumba mpaka kuthamangitsa ana a m'nyumba momwemo. Mantha anawagwira, ndipo sanadziwe kaya agwade kaya akalipe. Anangogwira pakamwa n'kuti, "Mulungu, munatiumba bwanji kodi?"

Rosie anali akumangabe mwana kumsana. A Edna anatola beseni lija, n'kulivundikira pakhomo pa wodi, n'kukhalapo.

"Iwe, ukafuna kutuluka undiponde."

Jakisoni anafika tsiku lotsatira, Rosie anabayidwa uku akunyinyirika.

Mimba yachiwiri inabwera mwana woyamba uja akuthamanga kale. Miyezi yonseyo a Edna anaonda, nthabwala zinawathera. Anabadwa mwana wamwamuna. M'mawa uliwonse ankamunyamula kupita naye powala, n'kumutsegula chikope ndi chala chawo chokakala chija. M'diso moyera. Mawa lake, moyera. Ankamukanikiza pamphuno, kumuyang'ana m'kamwa, mpaka Rosie kudandaula kuti amutopetsa mwana. Mchombo unagwa, sabata inatha, mlendo ali phee akuyamwa.

Tsiku lomutulutsa m'chikuta achibale anadzaza pakhonde, ena mwa iwo omwe aja anaweruza mlandu wa tsempho. Rosie ndi mwamuna wake anati dzina apereke agogo. A Edna anamulandira mwanayo, anamuyang'ana m'maso kamodzinso, kenako anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi.

"Uyu ndi Lackson," anatero. "Abwerere pakhomo pano. Sanalakwe."