Khutu lakumanja la mwana wanga

Ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi wa ana aang'ono. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi pepala limeneli limene linandipatsa matama oletsa apongozi anga kugwira makutu a mwana wanga. Ntchito sindinaipeze, ndimagulitsa nsomba zouma pa msika wa pa Boma, koma m'nyumba ndinkafuna aliyense azikumbukira kuti ndinapita ku koleji.

Apongozi, amayi ake a mwamuna wanga, anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, mbali ya ku Zumbo. Ana awo onse anawatsuka makutu ndi nthenga ya nkhuku. Ankaitsuka, kuiumitsa, n'kuipukusa pang'onopang'ono pakhomo pa khutu pokha, mwana mpaka kuodzera. Tsiku limene ndinawaona akuchita zimenezi kwa mwana wanga wamkazi, ndinawalanda nthengayo.

"Amayi, nkhuku zimagona m'fumbi. Uwu ndi uve."

"Mwamuna wako alibe makutu?" anandifunsa akuseka. "Chabwino, aphunzitsi, chitani za kusukulu."

Ndinagula timitengo ta thonje totsukira m'makutu kwa mayi wina amene amabweretsa katundu wa ku Lusaka.

Linali Lamlungu m'mawa, tikukonzekera kutchalitchi. Mwana anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Ndinamugoneka pamiyendo, khutu lakumanja lili m'mwamba. Ndinaona phula m'kati ndithu, ndipo ndinafuna kulitulutsa lonse, ndinalowetsa kamtengo kupitirira pamene nthenga ya apongozi inkafika. Nthawi yomweyo bambo ake, amene anatha masiku anayi kutsidya akugula nsomba, anafika pabwalo n'kumuitana. Mwana anadzutsa mutu mwamphamvu kutsata mawuwo. Ndinamva m'zala zanga kamtengo kakuboola chinthu.

Anakuwa kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Magazi anatuluka, osati ambiri, kamzere kofiira kotsikira m'khosi mpaka pa kolala ya diresi yake yoyera. Anthu asanalowe, ndinabisa kamtengo m'mfundo ya chitenje. Sindinaganize. Dzanja linangochita.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa mwamuna wanga.

"Angoyamba okha magazi," ndinatero.

Apongozi anakhulupirira. Anati mwina kachilombo kalowa n'kumuluma m'kati, kapena chithupsa chaphulika. Anafunditsa saladi pa sipuni, mafuta ophikira omwewa, n'kudonthezera m'khutumo kuti kachilombo kafe. Ine ndinagwira miyendo ya mwana. Ndinkadziwa kuti mulibe kachilombo. Ndinkadziwa kuti muli bala. Kuti ndiwaletse ndinayenera kumasula mfundo ija, ndipo sindinaimasule. Anathira Lamlungu, anathiranso Lolemba, anathiranso Lachiwiri.

Lachitatu thupi la mwana linatentha, m'khutu mukutuluka mafinya osakanikirana ndi magazi, onunkha. Tinapita kukiliniki ine ndi apongozi.

Adokotala anafunsa mafunso ambiri. Kodi anagwa n'kumenyetsa mutu? Wasanza, kapena akungogona osadzuka bwino? Mwatuluka madzi oyera ngati a pampopi? Anati magazi a m'khutu akabwera munthu atamenyetsa mutu, simudikira, mumathamanga naye nthawi yomweyo. Anati nthawi zina ndi matenda a m'kati mwa khutu, mafinya amadzaza mpaka kuphulitsa, nthawi zina ndi mbama, kapena chinthu cholowetsedwa. Kenako anaunika ndi katochi kawo, nthawi yaitali.

"Kachikopa kopyapyala ka m'kati, ng'oma ya khutu, kabooka. Munalowetsamo chiyani?"

Anayang'ana ine.

"Ndine, bambo," anatero apongozi. "Ndinathira saladi. Mayi wake uyu ndi wophunzira, sachita zotere."

Adokotala sanakalipe. Anati khutu likatuluka magazi simuthiramo kanthu, kaya mafuta, kaya mkaka wa m'mawere, kaya madzi a mchere. Mumangopukuta kunja ndi kansalu koyera n'kubwera naye. Anati bowo lotere kawirikawiri limatsekeka lokha pakapita milungu, likakhala louma. Koma ili lalowa matenda. Anatipatsa mankhwala akumwa, anati madzi asalowemo posamba, ndipo kumtsinje asasewereko.

Pobwerera apongozi anayenda kumbuyo kwanga njira yonse. Titafika anatenga sipuni ija n'kuiponya kudzala.

Mafinya anauma, anabweranso, anaumanso. Mwezi wachitatu bowo linali likadalipo, ndipo anatilembera kalata yopita kuchipatala cha ku Lusaka. Kumeneko anamuyeza ndi makina, anati lakumanzere lili bwino, lakumanja likumva pang'ono kwambiri. Anati akakula angayese kuzigamba bowolo, koma sangalonjeze kuti kumva kudzabwerera konse. Ndinafunsa ngati likanapola mukanapanda kuthiridwa mafuta. Dokotalayo anati mwina. Mawu amenewa, mwina, ndakhala nawo chaka ndi miyezi.

Tsopano ali ndi zaka zinayi. Ndikamamusambitsa ndimatseka khutulo ndi thonje lopaka mafuta odzola, monga adokotala anandiphunzitsira. Anzake akamapita ndi amayi awo kukachapa ku Luangwa, iye amatsala. Amayankhula mokweza, azimayi a pamsika amamuseka kuti adzakhala kondakitala wa basi. Ndimaseka nawo.

Ndili ndi chizolowezi choipa. Akakhala pamphasa akusewera, ndimazemba kumbuyo kwake, mbali yakumanja, n'kunong'oneza kuti, "Bwera udye bisiketi." Ndimachita zimenezi mwina kasanu pa tsiku. Akapanda kutembenuka ndimadziuza kuti watanganidwa ndi zidole. Ndikapita kumanzere, ndisanamalize n'komwe, dzanja latambasuka kale.

Apongozi sanamugwirenso kumutu kuyambira tsiku lija. Ngakhale kumuluka tsitsi amakana. "Manja anga ndi oipa, mwana wanga, muluke iwe." Kutchalitchi anapempha azimayi anzawo kuti aziwapempherera, ati anagonthetsa mdzukulu. Mwamuna wanga akakwiya amawakumbutsa. "Inu amayi ndi mankhwala anu a kumudzi!" Iwo amangowerama. Ine ndimakhala pomwepo, ndikusankha nsomba m'dengu, ndipo sindinena kanthu.

Ndayesapo. Tsiku lina tikutola nkhuni ndinayamba kuti, "Amayi, za khutu lija." Anandidula. "Usandikhululukire msanga, sindinadzikhululukire ndekha." Ndinameza zotsalazo. Ndikuopa mwamuna wanga, inde. Koma kwambiri ndikuopa tsiku limene mwanayu adzakula n'kufunsa kuti anandiboola ndani, chifukwa yankho limene aliyense akulidziwa pabwalo pano ndi labodza, ndipo ndine ndinalibzala.

Dzulo masana bambo ake anabwera kuchokera kutsidya. Ine ndi mwana tinali padoko tikudikira bwato. Anatsikira kumunsi pang'ono, kudzanja lathu lamanja, natiwona ife tisanamuone. Anamuitana mokweza, monga anachitira Lamlungu lija. Mwana anamva. Nkhope yake inawala, anatembenukira kumanzere, n'kuyamba kuthamangira kumene kunalibe munthu, akufuula kuti, "Atate! Atate!"

Bambo ake anaseka, anati kamwana aka n'kopusa bwanji. Ine ndinamuthamangira, ndinamugwira mapewa ndi manja omwe aja, n'kumutembenuza.