Layini ya a Bwanali

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, chifukwa ndikapanda kutero anzanga amene adakali moyo andiululira. Mpaka ndili Sitandade 3, pomwenso ndinalekezera sukulu, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti sitima ya pamtunda ikubwera kwathu kwa Malengachanzi, ndipo idzadutsa kuseri kwa munda wathu wa chinangwa. Anandipusitsa ndi a Bwanali, nkhalamba imene munda wake unagundana ndi wathu.

A Bwanali anagwira ntchito ya panjanji cha ku Salima kuyambira ali mnyamata, ndipo anabwerera kumudzi ndi chipewa chothothoka, wenzulo ndi matenda a kusakhazikika. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la udzu wopsa wosakanikirana ndi mame. Chaka chilichonse mvula ikangotha, anzawo ali kalikiliki ndi mpunga kudambo, iwo ankatenga khasu n'kuyamba kupala kanjira kotakata ngati msewu kuzungulira munda wawo wonse, kuzula chitsa chilichonse, kusesa mpaka dothi kuyera ngati pabwalo la mzikiti. Zinyalalazo ankazitentha m'mamawa akachoka kokaswali, udzu udakali wonyowa, mphepo isanadzuke. Kanjirako ankakatcha layini.

"Agogo, msewu umenewu ndi wa chiyani?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Wa sitima. Sunamve? Ukandizulira zitsa khumi, udzakhala wodula matikiti."

Ndinazula zitsa zaka ziwiri. Ankandiuza kuti ndiike khutu pansi ndimve ngati yanyamuka ku Salima, ine n'kumagona chafufumimba pa dothi lotentha, nyerere zikundilowa m'khutu. Ndikati ndamva kugunda, iwo ankati, "Ndi m'mimba mwako umo. Zula china."

Munthuyo sankakhala pansi. Mwera ukayamba, ankadya ataimirira. Ali pakati pokuyankhula ankawerama, kutapa fumbi, kuliwaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera. Akaona kautsi kutali kuphiri, tiyi ankamusiya pomwepo. Anthu ankati sitima inawadyera mutu.

Zoona zake a Bwanali anauza amayi, ine ndili kuseri kwa nkhokwe kumvetsera zosandikhudza. Sitima za nthawi yawo zinkayendera malasha, ndipo zikamakwera chitunda zinkalavula makala amoto m'mbali mwa njanji. Ntchito ya gulu lawo inali kupala udzu mbali zonse ziwiri chilimwe chisanafike. Tsiku lina anatopa, n'kusiya kachigawo kosakwana kuyenda mphindi ziwiri, amvekere tidzamaliza mawa. Madzulo omwewo sitima inadutsa. Moto unatulukira pomwepo, n'kukatha nkhokwe za mudzi wonse wa anthu amene ankawapatsa madzi akumwa.

"Palibe anandimanga," anatero. "Bwenzi zili bwino akanandimanga."

Tsono vuto linali bambo anga. A Chirwa anali msodzi wochokera kumpoto, mkamwini pamudzi, ndipo munda umene tinkalima unali wa amayi ndi abale awo. Kwathu kuno khasu likadutsa pamalo, ndiye kuti mwini khasulo wanena kuti pano ndi panga. Layini ya a Bwanali inkadutsa pamalire a minda iwiriyi, ndipo zimenezo zokha zinkawasowetsa tulo bambo. Ndiye chaka china nkhalambayo inafuna kupitiriza layiniyo mbali ya munda wathu imene inayang'ana kutchire, kumene tsekera ankatalika kuposa munthu.

Bambo anawapeza atapala kale mapazi angapo.

"A Bwanali, khasu lasochera."

"Silinasochere, a Chirwa. Onani udzuwu. Wagundana ndi chinangwa chanu."

"Udzu wanga, chinangwa changa."

"Moto sufunsa mwini munda."

"Koma alamu anga adzafunsa. Adzati tinakupatsa mkazi ndi munda, munda wagawira anthu. Ndidzayankha chiyani? Kuti ndimaopa sitima?"

"Ndiye palani nokha."

"Usipa ukagwidwa ndi inu?"

A Bwanali anasenza khasu n'kubwerera. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupatsana moni, ndipo ine ndinaletsedwa kuzula zitsa. Ndinalira ntchito yanga ya matikiti.

Chinangwa chimenecho musachione mopepuka. Chinali cha zaka ziwiri, chokhwima, ndipo ndicho chinali kondowole wathu mpaka dzinja kutha. Moto ukachiwamba, mitengo imauma, mbewu yobzala osaipeza, ndipo cham'nthakacho chimavunda mvula ikangogwa.

Motowo unabwera mu Seputembala, dzuwa lili paliwombo, mwera ukuwomba ngati walipidwa. Amene anauyatsa sitinamudziwe, kaya osaka mbewa, kaya wofula njuchi. Tinayamba kumva kuthetheka, ngati anthu ambiri akuthyola nkhuni nthawi imodzi, kenaka timaphulusa takuda tinayamba kugwera pa chinangwa chimene amayi anayanika pathandala. Akabawi anadzaza m'mwamba kudikira ziwala zothawa. Bambo anali akusoka ukonde. Anautaya, n'kuthyola nthambi yamasamba, tonse kuthamangira kumunda.

Titafika tinapeza a Bwanali ali kale m'munda mwathu, munda wawo ausiya uko uli phee mkati mwa layini yake. M'manja anali ndi muuni wa udzu woyaka, akuyenda chowerama m'mphepete mwa chinangwa chathu, kuyatsa apa, kuyatsa apo.

Bambo anawagwira dzanja. "Mwaona kuti ukuchedwa, mwati muuthandize?"

"Ndisiyeni, a Chirwa."

"Chifukwa cha malire omwe aja?"

"Uwu ndi waung'ono, tiutha. Ukadye udzu uwo usanafike waukulu. Mukandichedwetsa, mudya phulusa."

Bambo sanawasiye. Anaima choncho amuna awiri akuluakulu, kulimbirana muuni, moto waukulu ukubwera kumbuyo kwawo. Amene anathetsa mlandu ndi amayi. Anafika ndi mtsuko pamutu, n'kunena mosakweza mawu, "Bambo ake, munda ndi wanga. Asiyeni."

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ndi m'maso, chifukwa mpaka lero utsi ukandilowa ndimabwerera pomwepo. A Bwanali ankayatsa kutsogolo, wenzulo ili kukamwa, ife pambuyo kumenya ndi nthambi mbali ya kumunda kuti moto wawowo ulowere kutchire kokha. Koma mphepo inkaukankhira kwa ife. Mizere itatu ya chinangwa inapsa tikuona, masamba akufota ngati ndiwo mumphika. Bambo ankatukwana m'chinenero chakwawo, amayi akunyowetsa nthambi mumtsuko, ine ndikutsokomola ndi kumenya pamene pazima kale kuti ndioneke wolimba mtima. Nsalu ya a Bwanali inagwira moto kumiyendo, iwo n'kungoipikita ndi manja osaima.

Moto waukulu utafika unapeza pakuda, popanda choti udye. Unaima, kunyambita m'mwamba, kutiponyera makala awiri atatu amene tinawapondaponda, kenaka unakhotera kudambo. A Bwanali anakhala pansi. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi masana.

Patapita masiku awiri kunabwera tcheyamani wa chipani ndi anyamata ake a malaya ofiira. Masiku amenewo kutentha tchire unali mlandu woti ukhoza kukugonetsa kutali ndi kwanu, ndipo wina anali atakanena kuti anaona nkhalamba ya wenzulo ikuyatsa. Anawapeza pakhonde, miyendo ili matuza okhaokha. Bambo anachoka kunyanja osaitanidwa, n'kuima pakati.

"Munda ndi wa kwathu, ndipo ndinawatuma ndine. Ngati pali kumanga, yambani kuno."

Tcheyamani anayang'ana matuzawo, anafunsa makadi a chipani, tinaonetsa, anapita. Bambo sanapepese kwa a Bwanali, ndipo a Bwanali sanathokoze. Koma mvula yotsatira itatha, ndinawaona awiriwo akupala layini mbali ya kutchire, wina kuyambira uku, wina uko, osayankhulana mpaka makasu anakumana.

Nditakula ndinakwatira Asiyatu, mdzukulu wawo, ndipo monga mkamwini ndinalowa m'munda womwewo wa a Bwanali. Wa amayi unapita kwa achemwali anga. Layini ndimaipala chaka chilichonse, ndipo mwera ukayamba nanenso ndimadzipeza ndikuwaza fumbi m'mwamba, ana akundiseka.

Chaka chino nditamaliza kupala ndinasonkhanitsa adzukulu n'kuwafotokozera zonsezi. Ndinawauza kuti a Bwanali, agogo awo aakulu, anali munthu woyera mtima, ndipo bambo anga, Mulungu awasunge, anawaganizira zoipa pachabe. Mayi akunyumba anali potero akusenda chinangwa chovuula. Ana atabalalika madzulo, anapukuta mpeni pachitenje.

"Moto ankauopadi, zimenezo musachotsepo," anatero. "Koma a Chirwa sanali opusa. Chaka chilichonse agogo ankasendeza layini ya pamalire phazi limodzi kulowa kwanu, ankatiuza okha akuseka. Mizere isanu imene mumaitama kuti imabereka bwino ndi ya amayi anu. Ndiye sankhani, mawa mukawauze achemwali anu, kapena muzidya kondowoleyo mwakachetechete."