Anthu a Pulaneti Sanabwerenso

Ine sindikhulupirira munthu msanga, ndipo pa zimenezo sindipepesa. Kuno ku Golomoti tapusitsidwa mokwanira ndi ogulitsa mbewu yopaka utoto, mavenda a masikelo obera, ngakhale aneneri. Ndiye pamene mwana wa mlongo wanga, woyamba m'mbumba yathu kufika ku yunivesite, anandipeza m'munda wa mpunga ku Bwanje n'kunena kuti azungu akumuitana kunja kuti akapitirize sukulu, ine ndinakayikira nthawi yomweyo. Mwinimbumba ndine. Mwana wa alongo anga sakwatiwa kapena kusamuka ine ndisanavomere.

Tinakhala pamzere, ine matope mpaka m'mawondo. Anatulutsa foni n'kundionetsa chinthu chozungulira, chofiira ngati njerwa ya mu uvuni.

"Iyi ndi pulaneti, amalume. Ndi dziko la miyala ngati lathuli, koma limazungulira nyenyezi ina yakutali kwambiri. Lili pafupi kwambiri ndi nyenyezi yakeyo moti miyala imasungunuka, ndipo chaka chake chimatha m'masiku ochepa chabe. Akufuna ndikathandize kuifufuza."

"Kumalimidwa?"

"Ayi."

"Kuli anthu?"

"Sangakhaleko, amalume. Angapse."

"Nanga chithunzichi anajambula ndani?"

Mwanayo bodza salidziwa. Anati palibe, chithunzicho wina anangochiyerekeza. Akuti pulanetiyo palibe anaionapo ndi maso. Amadziwa kuti ilipo chifukwa ikamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, kuwala kumachepa pang'ono.

Koma abale! Ndege yaulere, nyumba yaulere, chakudya chaulere, zonsezo kuti mtsikana wa ku Golomoti akayang'anire chinthu choti ngakhale eni akewo sanachionepo? Chaka chomwecho mtsikana wina wa ku Mtakataka anali atabwerako kunja komwe anamulonjeza ntchito yabwino. Anakamulanda pasipoti, n'kumugwiritsa ntchito zam'nyumba ngati kapolo, ndipo anafika kuno ali mafupa okhaokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinaopa, ndisaname. Ndinapempha mwana wa mlongo wangayo kuti ndione pasipoti yake, ndipo nditaiona ndinaiponya m'thumba mwanga.

Sikuti ndinakana. Anthu amati ndinakana, koma akunama. Ndinachita zomwe timachita anthu akabwera kudzafunsa mwana. Kwathu kuno wofuna mwana wa eni amatuma munthu, munthuyo amakhala pamphasa n'kufotokoza. Inu simuvomera tsiku lomwelo ngati munatopa naye mwanayo. Mumati, "Tamva, mubwerenso." Wamasewera amathera pompo. Wotsimikiza amabweranso, kawiri, ngakhale katatu. Mwambo umenewu sunandigwiritsepo fuwa lamoto.

"Uwalembere," ndinatero. "Uwauze kuti tamva. Tiyankha tikakolola mpunga, ndipo atume munthu adzationekere."

"Amalume, akufuna yankho pofika Lachisanu. Pali enanso amene akudikira malo omwewa."

Pamenepo ndiye anangondithiriratu mafuta pamoto. Changu chanji chimenecho? Wothamangitsa anzake ndi wakuba. Pulanetiyo ikuthawa?

Tsiku lotsatira anaimbira mphunzitsi wa kumeneko, mayi wa imvi wovala magalasi, kuti ndimuone pa foni. Mayiyo ankamwetulira n'kumandibayibitsa, mwanayo akumasulira. Ine ndinati nkhope ya pa foni aliyense angabwereke. Mlongo wanga, mayi wa mwanayo, anagwada pakhonde panga akulira. "Achimwene, mlekeni apite." Ndinamufunsa kuti akakamutsekera m'nyumba kumeneko adzalira ndani.

Mwanayo akanatha kuwayankha mondibisira kuti akubwera, ine Chingerezi cha pa foni ndikanachidziwira kuti? Koma tinamulera bwino. Analemba ndendende zomwe ndinanena, n'kundiwerengera asanatumize. Sanalire. Anangondifunsa kuti, "Nditumize, amalume?" Ndinati tumiza.

Azunguwo anayankha patapita masiku awiri, mwaulemu kwambiri. Anati akumvetsa, akudandaula, ndipo malowo apereka kwa wina. Ine ndinaseka. Ndinauza mlongo wanga kuti kumeneko n'kuopseza chabe, ngati venda wonamizira kuchoka kuti umuitanenso. Tinamweta mpunga, tinapuntha, tinauika m'matumba. Ndinasunga tambala wanga wamkulu wa alendowo. Galimoto iliyonse yachilendo ikakhota pamsewu wa tala kulowa kwathu, ndinkaimirira n'kukonza kolala. Zonse zinali za ogula mpunga.

Malowo anatenga mnzake wa m'kalasi. Patapita chaka, mlongo wanga anandionetsa chithunzi cha mnzakeyo. Mtsikanayo anali ataima paphiri, atavala chijasi, kumbuyo kwake kuli chinyumba choyera chosungiramo makina oonera nyenyezi. Anali wonenepa, masaya phwii. Ndinayang'anitsitsa kuti mwina ndiona mantha m'maso mwake, koma ndinangoona munthu wokhuta. Ndinakwiya naye mwana wa eniyo popanda chifukwa.

Mpaka lero ndimadzifunsabe kuti ngati azunguwo ankamufunadi mwana wa mlongo wangayo, tikiti ya munthu mmodzi inawavuta chiyani? Koma funso limeneli ndimalifunsa ndili ndekha, chifukwa kunyumba palibenso amene amaliyankha.

Mwanayo pano akuphunzitsa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi ku Mua. Akabwera amandigwadira, amandigulira shuga, sanandinenepo mawu oipa. Chaka chatha anapeza mwamuna, mphunzitsi mnzake. Nkhaniyo ndinaimvera kwa wakabaza amene anandinyamula kuchokera kumsika, yemwe anandiyamikira kuti mwambo wa chinkhoswe unayenda bwino. Akuchimuna anali atapita kwa mng'ono wanga, munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira khasu, ndipo iye ndi amene anaimira mbumba. Ndinatsika panjinga tisanafike, n'kuyenda wapansi. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Paukwati anandilandira bwino. Anandipatsa mpando wa pulasitiki, pamthunzi, pakati pa alendo.