Magalagadeya a Kuseri kwa Mpanda

Kalipentala wa pakona anali munthu waluso, koma nsanje yake inkaposa lusolo. Akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba wagwedeza mpando, kuti apeze mwendo wopendekeka wa mmisiri mnzake. Komabe chimene chinkamudya mtima kwenikweni anali magalagadeya a mlamu wake.

Mlamuyo, mchimwene wa mkazi wake, ankakhala kuseri kwa mpanda. Onse awiri anabzala magalagadeya achikasu chaka chimodzi, aliyense mbande yogula kwake. Magalagadeya a mlamu anayanga pa waya padzuwa, zipatso zili lendelende, zodzaza madzi. A kalipentala anakwera kuseri kwa shedi ya matabwa, pamthunzi, mizu ili m'utuchi. Maluwa ankachita ndithu, koma zipatso zinali ziwiri kapena zitatu, zokwinyika ngati chigongono.

Mkazi wake ankakolezera moto osadziwa.

"Achimwene ali ndi dzanja," ankatero akusefa juwisi. "Bambo a ana, talawani."

Iye ankalawa, n'kunena kuti ngowawasa, koma kapu ankaimaliza. Ankangofuna kuti mkaziyo anene mawu amenewo kamodzi kokha za iyeyo.

Ankadananso ndi bemberezi, njuchi zazikulu zakuda zoboola matabwa, zimene zinkatera pa maluwa ake n'kuwolokera kwa mlamu.

"Taonani," ankadandaula, "zimagona kwanga, ganyu n'kumakagwira uko!"

Tsiku lina mkazi wake anatamanso achimwene ake pamaso pa alendo. Alendo atangotuluka, kalipentala anatenga sowo n'kudula magalagadeya ake patsinde. Mabowo a bemberezi anawatseka ndi guluu.

Nyengo yotsatira maluwa a mlamu anangoyoyoka, osagwira chipatso. Kalipentala anasangalala, osabisa. Ankapala matabwa akuimba mluzu, mpaka tsiku limene mlamuyo anasuzumira pampanda.

"Alamu, mwandiphatu inu. Achikasuwa sabereka okha, amafuna mungu wa mbewu ina. Bemberezi zija zinkautenga pa maluwa anu. Zipatso zonse zija, bambo wake anali mtengo wanuwo."

Mkazi wa kalipentala, amene ankayanika zovala, anaima chopanira chili kukamwa. Anachilavula, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Ndiye kuti juwisi uja anali wanunso? Abale, mukanausiya mtengowo! Inu ndi amene munali ndi dzanja."

Mawu aja kalipentala anawamva tsopano, ataimirira pafupi ndi chitsa chouma.