Chifuwa cha a Hawa

Ndikukumbukira chaka chimene ntchito yowamba nsomba inagwera ine, ndili kamtsikana, kwathu m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Bambo ankabwera ndi milamba, amayi n'kutumbula, ndipo wokhala pamoto kutembenuza nsomba mu utsi anali achemwali anga a Hawa. Mphumu itawakulira, chifuwa chawo n'kumalira ngati kamwana ka mphaka, amayi anawachotsa pamoto n'kuikapo ine. Ntchitoyo ndinkadana nayo. Maso ankawawa, ndipo kusukulu anzanga ankati limayamba kulowa m'kalasi ndi fungo la mlamba, mwiniwake pambuyo.

Kuchipatala ku Insaca a Hawa anawapatsa kabomba kopopera m'kamwa tsiku ndi tsiku. Patapita miyezi chifuwa chija chinangoti zii. A Hawa ankakhala pakhonde n'kumaluka mkeka, phee, osatsokomola, ine ndikutsamwa ndi utsi kuseri kwa nyumba. Mtima unkandiwawa. Munthu wochira akhale bwanji ngati mlendo?

Tsiku lobwerera kuchipatala ndinapita nawo limodzi ndi amayi. Anamwino anatulutsa kachitoliro kokhala ndi kamuvi kamene kamayenda munthu akauzira. A Hawa anauzira ndi mphamvu zawo zonse, kamuvi n'kungosuntha pang'ono. Mwanthabwala anamwino anati nane ndiyese. Kanga kanathamanga kupitirira pamene panalekezera achemwali, ine wamng'onone, ndipo ndinaseka mokweza.

"Mayi, kutsokomola kwachepa, zimenezo n'zabwino," anatero anamwino. "Koma mapapo akadali ofooka. Mphumu ikhoza kumugwetsa tsiku lililonse. Bomba asasiye, ndipo pa utsi ayi."

Pobwerera m'shapa, minibasi ya kwathuko, amayi anaoneka osakhutira. Kwathu wodwala timamudziwa ndi maso ndi makutu, ndiye zoti kamuvi kadziwe mwana kuposa mayi wake zinawavuta kumvetsa. Milamba itachuluka, manja n'kuperewera, anafunsa ine poti ndinkagona mphasa imodzi ndi achemwali.

"Iwe Mariamu, achemwali ako amatsokomolabe?"

"Ayi amayi, ngakhale pang'ono."

Sindiname. Komabe ndinkadziwa chimene yankholo likabala, ndipo linatuluka msanga kwambiri m'kamwa mwanga. Kabomba kaja amayi anakabisa m'chikwama kuti kadzathandize tsiku loipa, a Hawa n'kubwerera pamoto osadandaula.

M'mawa wina wa chisanu ndinkasewera phada ndi anzanga pamene ndinamva amayi akukuwa. Ndinapeza a Hawa atawerama, atagwirira mtengo wa thandala la nsomba, khosi likulowa m'kati akamakoka mpweya. Milomo inali itatuwa. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti chifuwa sichinkaliranso. Bambo anagwetsa dengu la nsomba limene linali panjinga, amayi n'kumangirira a Hawa kumsana kwa bambo ndi kapulana, chitenje chawo, ulendo wa kumsewu kukasaka shapa. Ine ndinatsala ndi moto uja, milamba ikupserera.

Anamwino anawapulumutsa, koma anagonekedwa nthawi ndithu. Atabwerako ndinkachita manyazi kuwayang'ana. Tsiku lina ndinakhala nawo pakhonde n'kulimba mtima.

"Achemwali, nanga simunkatsokomola inu?"

"Ndikanatsokomola ndi chiyani, mng'ono wanga? Ndinasiya kuthamanga, ndinasiya kukatunga madzi. Ngakhale kuseka ndinasiya, poti ndikaseka chinkayamba. Iwe sunaone?"

Sindinaone. Tinkagona mphasa imodzi, ndinkamvetsera chifuwa chawo kuti ndichoke pamoto, koma zoti achemwali anga, amene kuseka kwawo kunkamveka mpaka kudooko, anatha miyezi osaseka, ine sindinaone. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Mpaka lero ndikamva fungo la mlamba wowamba, mtima umanditsutsa.

Pano ndikumvetsa kuti chifuwa chimatha kukhala chete mapapo asanalimbe, ndipo munthu wotere utsi pang'ono kapena chisanu chimangomugwetsa. Mwana wanga wamwamuna nayenso ali ndi mphumu. Bomba amapopera ngakhale tsiku limene akuoneka wabwinobwino, ndipo kukauzira kachitoliro sitijomba. Akabwera kusukulu sindingomufunsa ngati watsokomola. Ndimamufunsa ngati wasewera mpira, kenako ndimamugirigisha mpaka aseke, ine khutu lili pachifuwa chake.