Machesi Atatu pa Chambe

Tidalipo anayi: amalume, omwe ankalondera nyumba ya alendo pa Chambe, aphunzitsi, omwe adakwera phiri pa tchuthi, msuweni wanga, mwana wa amalumewo, kamtsikana kachetechete, ndi ineyo, mnyamata wa mawu omveka mpaka ku Likhubula. Pa tebulo padali dayisi yobiriwira ya mbali zambiri, yoti ukayipenyera ku moto wa mkungudza inkawala mkati ngati diso la mphaka.

Chiperoni chidatitsekera m'nyumbamo, nkhungu mpaka pakhomo. Aphunzitsi adatulutsa masewera omwe adaphunzira kwa mzungu wina: iwo kusimba nthano, ife kukhala anthu a m'nthanomo, dayisi n'kumaweruza. "Zaufiti muno ayi," adatero amalume, koma benchi adayikokera pafupi.

Ine adandipatsa msilikali wa nkhwangwa. Msuweni adamupatsa wamatsenga, ati poti amatha kuwerenga pepala la matsengawo. Mpaka lero ndikuti kudali kukondera! Ine ndikatema, zii. Iye akaponya moto, onse m'manja. Lamulo lake lidali ili: machesi atatu patsogolo pake, tsenga limodzi kamtengo kamodzi kathyoledwe. Akatha atha, mphamvu siyibwerera mpaka munthu atagona. Iye ankawaumira ngati mchere wa m'chaka cha njala, ine mtima ukutentha.

Tsiku lina aphunzitsi adati wopulumutsa anzake m'phanga atenga dayisi ija. Ndidafuula mpaka adatisinthanitsa. Machesi kwa ine, nkhwangwa kwa iye.

Tangolowa m'phangamo, aphunzitsi akuti kwatuluka khoswe. Moto! Ndidathyola kamtengo koyamba, dayisi idakana. Wachiwiri, idakananso. Pa moto wachitatu khoswe adapsa psiti, ine ndili pamwamba pa benchi, kudziguguda pachifuwa. Kenako aphunzitsi adatsitsa mawu: chinjoka chatseka khomo.

"Ndipatseni ena, bokosi lili m'thumba mwanumo!"

"Lamulo likuti ugone kaye."

Ndidagona. Pansi pomwepo, pozizira, maso nditatsinzina, mkonono ndikuliza. Amalume adaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Aphunzitsi ati wogona ndi wa m'nthanoyo, ndipo njoka siyidikira munthu adzuke. Nanga bwanji sadanene poyamba? Ndikadali pansipo, msuweni adanyamula nkhwangwa, nkhwangwa yanga ine, n'kutema chinjoka pakhosi.

Mpaka pano dayisiyo ili m'kabati mwa msuweniyo ku Chitakale, pakati pa makapu a alendo. Ndikapita amayipukuta dala ndikuona, nkhalamba yonse ija.

Mwana wanga atabwera ndi masewera omwewo kuti asewere ndi adzukulu, ndidamusimbira zonsezi, kuti aweruze yekha ngati machesi atatu ndi chilungamo kwa munthu ngati ine. Adandiyang'ana, akugubuduza dayisi m'manja.

"Bambo, akadakupatsani bokosi lonse, mukadalithera pa khoswe yemweyo."