Loko Wofiira wa Bashi Mapalo

Pali chinthu chimene ndabisa kuyambira tsiku limene tinaika maliro a amuna anga, ndipo lero ndichinena. Ndili ndi kiyi. Ndi kakiyi kakang'ono ka pachingwe cha nsapato, koma kamasonyeza kuti zimene zinawerengedwa kumanda zinali zabodza. Amene anawerenga bodzalo ndi alongo anga, a bere limodzi ndi ine.

Tsikulo ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinagone, ndinangotopa ndi kutsinzina. Mipando yonse inali panja, ndipo m'nyumba mwathu ku Matero munali amayi okhaokha, atagona pamphasa mothithikana. A kwaya anali atayimba mpaka mawu kusasa. Mapalo, mwana wanga wa zaka zitatu, anagona atagwira chitenje changa. Kiyi anali m'mfundo ya chitenje chomwecho.

Kuti mundimvetse, ndiyambe ndi ntchito ya malemu. Amuna anga, amene anthu ankawatcha Bashi Mapalo, kutanthauza bambo a Mapalo, anali okonza makina pafakitale ina yopanga mankhwala. Kale makina aliwonse anali ndi tsiku lake. Ankazimitsidwa, kumasulidwa, kuthiridwa girizi, ndi kusinthidwa tilabala tisanathe, kuopa kuti ufa wa mankhwala ena ungalowe mwa ena. Iwo ankati makina ali ngati mwana, umapita naye kusikelo asanadwale. Koma maoda atachuluka, mabwana anati makina azingozungulira mpaka atafa okha, ndiye akonzedwe. Pali chimphika chachitsulo chosakanizira ufa wa mapiritsi, chachikulu moti munthu amalowamo, ndipo pansi pake pali mipeni yozungulira. Pachivundikiro chake panali kaswichi koletsa makina kuyaka chikakhala chotsegula. Kaswichiko kanafa. Amuna anga anapempha katsopano kangapo konse, anauzidwa kuti adikire, ndipo wina anangolumikizapo waya.

Chimene chinatsala chowateteza ndi loko. Wokonza makina aliyense ali ndi loko wake wofiira, wolembedwa dzina lake, wa kiyi mmodzi yekha. Asanalowe m'makina amazimitsa magetsi, n'kukhoma loko paswichi yaikulu, kiyi n'kuvala m'khosi. Palibe wololedwa kuchotsa loko wa mnzake. Mwini wake akasowa, woyang'anira shifiti yekha ndiye angadule, koma atamuona munthuyo ndi maso kapena kulankhula naye pafoni. Amuna anga ankabwera kunyumba loko ali palamba, Mapalo n'kumaseweretsa. Anafera m'chimphika chija, makina atayatsidwa iwo ali m'kati. M'pulasitiki ya zovala imene anandipatsa kuchipatala munali ovolosi, lamba, nsapato ndi kiyi. Loko munalibe. Akanakhala kuti anayiwala kukhoma, loko akanapezeka palamba. Ndipo woyang'anira shifiti tsiku limenelo anali alongo anga aakulu.

Mayi wofedwa sayenda yekha pamaliro, koma ndinanamizira kuchimbudzi. Kunali kuzizira kwa Julayi kolowa m'mafupa. Amuna anali akuwodzera mozungulira chikuni cha moto, pansi pa tenti imene kampani inatumiza. Alongo anga ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusuzumira m'madiramu a madzi. Maliro onse ankayendetsa ndi iwo. Ndi iwo anandilera makolo athu atamwalira, ndi iwo ananditumiza kukoleji mpaka ndinatenga satifiketi yophunzitsa ana aang'ono, ndipo ndi iwo anabwera ndi mnzawo wa kuntchito kudzadya kwathu Lamulungu lina, mnzawoyo n'kudzakhala mwamuna wanga.

"Akulu, loko ili kuti?" ndinawafunsa.

"Loko ya chani, mwaiche?" anatero, mmene amanditchulira poti ndine wamng'ono. "Ngena mu nyumba, kuli mpepo."

Ndinamasula mfundo ndi kuwaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pachidebe.

"Ninaganiza bakomboka, bapita ku nyumba," anatero. "Shifiti inasila, motoka inali pa geti kuyembekeza katundu. Ninaitana kabili, sibanayanke."

"Munatuma foni?"

Anangotambasula dzanja. "Nipase kiyi iyo. Izakuletela chabe mavuto."

Ndinamanganso mfundo yanga. Sindinakuwe, sindinawatukwane. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, choti kumanda asanene kuti malemu anayiwala, angonena kuti inali ngozi. Analoza kumwamba, nati palibe amene adzanene zimenezo.

Dzuwa litatuluka, amayi a m'komboni anasonkha moto kuseri kwa mpanda. Ena ankadula kabichi, ena ankasankha nyemba, utsi ukuwalowa m'maso. Apongozi anga anali atafika dzulo lake kuchokera ku Kitwe ndi basi yodzaza abale. Apongozi aamuna, amene anagwira ntchito kumigodi moyo wawo wonse, anakhala pampando chipewa chili pabondo.

Kenako chimbuya chinayamba. Amuna anga anali a Chibemba, ife ndife a kum'mawa, ndipo pamaliro mitundu iwiriyi imasereulana, kupakana ufa kumaso, popanda wololedwa kukwiya. Mayi wina wogulitsa tomato anagwira mmodzi wa alamu anga, achimwene a malemu, nawapaka ufa mpaka m'makutu.

"Imwe bodya ba kolwe, na loko chabe muibala?" anatero, powasereula kuti odya anyani amayiwala ndi loko yemwe. "Sembe munabwela kuli ise ba mbeba tikupunziseni kukoma chiseko."

Anthu anaseka, alamu anga nawonso anaseka pang'ono, poti mwambo umatero. Mayiyo analibe mlandu, anangonena zimene anamva. Koma anamva kwa ndani? Ndiye kuti nkhaniyo inali itayenda kale m'komboni monse, ine ndili m'nyumba kulira.

Cha m'ma naini tinakatenga thupi kumochale, n'kupita nalo kutchalitchi. Poona nkhope anangotsegula kagalasi ka kumutu kokha. Sindidzalemba zimene ndinaona pathupi pawo masiku anayi m'mbuyomo. Pagalasipo nkhope yawo inali yoyera bwino, ngati munthu amene wangogona atachokera ku shifiti. Ndinamunyamula Mapalo kuti aone. Anagogoda pagalasi ndi chala.

A kuntchito anabwera ndi basi ya kampani, atavala masikipa ofanana. Okonza makina anaima paokha kumbuyo, ndipo aliyense anali ndi loko wofiira palamba. Ndinawerenga ndi maso, analipo asanu. Palibe ngakhale mmodzi amene anandiyang'ana kumaso.

Ulendo wa kumanda a ku Chingwere unali wapang'onopang'ono. Patsogolo galimoto ya bokosi, pambuyo basi, kenako malole awiri odzaza amayi akuyimba, ataphimba pakamwa ndi zitenje chifukwa cha fumbi. Ma minibasi ankatipatukira. Ogulitsa makala m'mbali mwa msewu anavula zipewa. Kumanda kunali mphepo youma, yonyamula dothi lofiira ndi mapepala a nkhata zakale. Maliro ena awiri ankaikidwa chapafupi, moti nyimbo zathu zinkasakanikirana ndi zawo.

Bokosi linatsika, abusa anapemphera, anyamata analandizana mafosholo mpaka mtumbira unakwera. Ndiye inafika nthawi ya zolankhula. Analankhula a kubanja, analankhula a mpingo, kenako anaitana a kuntchito. Bwana wovala suti anaimirira, koma m'malo molankhula anapereka pepala kwa alongo anga, ati poti iwo ndi achibale ndipo anthu awamva bwino.

Anawerenga momveka, mawu osanjenjemera. Anati malemu anali olimbikira ntchito, osachedwa, okondedwa ndi onse. Anatembenuza pepala. Ine ndinkawayang'ana pakamwa. Anati mwatsoka, tsiku limenelo malemu anayiwala kukhoma loko wawo asanalowe m'makina, ndipo ichi chikhale phunziro kwa antchito onse. Sanapume n'komwe pamawuwo. Akanatha kulumpha mzere umenewo, palibe akanadziwa. M'mawa womwewo anali ataloza kumwamba.

Dzanja langa linali kale pamfundo. Ndinkangofunika kuimirira ndi kukweza kachingwe kaja, okonza makina asanu aja akanamvetsa ndisanatsegule pakamwa. Koma ndinaona alamu anga atatu, mafosholo akadali m'manja. Ndinaona mkazi wa alongo anga atakhala pambali panga, amene anandisambitsa pamene ndinabereka Mapalo. Ndinaganiza za ana awo anayi, za apolisi, za manda ena okumbidwa mwezi usanathe. Apongozi anga aakazi anandikokera pachifuwa pawo poganiza kuti ndikukomoka. Ndinachotsa dzanja pamfundo.

Anandiitana kukaika nkhata. Amene anabwera kudzandidzutsa ndi alongo anga omwewo. Anandigwira pachigongono mwachifundo, anthu akuona. Ndinamva amayi ena kumbuyo akuti mwana uyu ali ndi mwayi, ali ndi mlongo wamtima.

Pamene a kuntchito ankaika zawo, wokonza makina wina wachikulire sanatenge duwa. Anaima kumutu kwa manda, atafumbata loko wake palamba, anayang'ana alongo anga, kenako anapita kukakhala m'basi yekha.

Tinabwerera kunyumba dzuwa litapendeka. Pageti panali beseni, aliyense anasamba m'manja. Anthu anadya, ena ataima, ena atakhala pamiyala, ndipo pang'onopang'ono anayamba kutsazika. A kampani anabwera kudzapasula tenti yawo chakudya chisanathe n'komwe. Amayi anatsuka miphika, anathira madzi pamoto, aliyense anatenga mbaula yake.

Madzulo mipando inabwerera m'nyumba. Munatsala apongozi, azakhali anga awiri, ndi ine. Apongozi aamuna anandiitana, ndinagwada pambali pa mpando wawo. Analankhula motsitsa, akusakaniza Chibemba ndi Chinyanja kuti ndimve. Anati za loko anamuphunzitsa ndi iwo, mwana wawo asanamere ndevu, ndipo anali mwana wobwerera panjira kukaona ngati watseka geti.

"Mayo, niuzeni chabe," anatero, ponditchula mayi mwa Chibemba. "Panali vimene vinali kumuvuta pa nyumba? Munakangana?"

Apa ndi pamene bodza lija linafika pa ine. Mkulu uja ankafunafuna chimene chinasokoneza mutu wa mwana wake, ndipo poyang'ana anapeza ine. Ndinati ayi, sitinakangane. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti funsolo apita nalo ku Kitwe.

Nyumba inakhala zii. Kunkangomveka wailesi ya oyandikana nawo ndi minibasi yakutali. Lamba wa malemu ndinali nditamukoleka kuseri kwa chitseko. Mapalo anakwera pampando, anamupapasa kuyambira kumutu mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti loko ya adadi ili kuti. Ndinamuuza kuti inasala ku nchito. Limenelo lokha silinali bodza.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndinamva kuti kaswichi kaja kanasinthidwa sabata yomweyo, ndiye kuti kanalipo kogula nthawi yonseyi. Chimphika chija chikuzungulira, alongo anga akadali woyang'anira shifiti, ndipo amuna a akazi ena amalowamo atakhoma maloko awo. Zimenezi zimandisowetsa tulo kuposa zonse. Lamulungu lililonse alongo anga amabwera ndi buledi, amamunyamula Mapalo, ndipo sanafunsenso za kiyi. Apongozi anga akaimba foni amafunsa za mwana yekha.

Tsiku lina Mapalo adzakula, ndipo wina m'komboni adzamuuza kuti bambo ake anafa chifukwa cha kusasamala. Kiyi ndinamuchotsa m'chitenje, ali m'kachitini ka mabatani pamwamba pa kabati. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni popanda kundinyengerera. Tsiku lija kumanda, pamene ndinasiya mfundo ili yomanga, ndinachita bwino?